Kasungidwe ka nkhuni pakhomo kuti zikhale zouma dzinja lonse

Chaka chilichonse, mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale, pakhomo panga kuno ku Salima, cha ku Khombedza, pamafika anthu odzapala moto kapena odzapempha zikuni ziwiri zouma, ndipo asanatsanzike amafunsa funso lomwelo: "Kodi anzathu inu, nkhuni zouma chonchi mukuzitenga kuti nyengo ino?" Sindizitenga kwina kulikonse. Ndi nkhuni za m'munda mwanga momwemo, zimene ndidawaza mu Juni. Ndafotokoza zimenezi kambirimbiri nditaima pakhomo la khitchini, tsono ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi kuti aliyense wofuna aziwerenga yekha.

Musanayambe, gwirani mfundo imodzi iyi: kuumitsa nkhuni ndi kusunga nkhuni ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi nyengo yake. Kuumitsa kumafuna dzuwa ndi mphepo, pamene kusunga kumafuna denga pamwamba ndi mpata pansi. Anthu ambiri amene amadandaula kuti nkhuni zawo zimangofuka utsi adazilowetsa pansi pa denga zikadali ndi madzi m'kati, kapena adaziumitsa bwino ndithu koma n'kuziunjika padothi. Mtengo wongodulidwa kumene umakhala ndi madzi ochuluka, mwina kufika theka la kulemera kwake konse, ndipo kuti uyake bwino madziwo ayenera kutsika mpaka pafupifupi magawo 20 pa 100 alionse. Mukaika chikuni chachiwisi pamafuwa, moto umayamba watha mphamvu zake kuphwetsa madziwo usadafike pa poto wanu, ndiye chifukwa chake nyemba zimatenga tsiku lonse ndipo wophikayo amatuluka m'khitchini maso ali psuu.

1. Dziwani kuchuluka kwa nkhuni zimene banja lanu limatha.

Musayerekeze ndi maso. Patulani mulu wa nkhuni, muuyeze ndi chingwe kapena ndodo m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, kenaka muziphikira mulu umenewo wokha mpaka uthe, mukuwerenga masiku. Mukatero chulukitsani mpaka zikwane masabata 21 kapena 22, chifukwa kuyambira kumayambiriro kwa Disembala mpaka kumapeto kwa Epulo simuyenera kudalira kupeza nkhuni zouma kutchire. Onjezani kagawo kena ka alendo, maliro ndi zinkhoswe, zomwe sizipangana ndi munthu.

Ogulitsa nkhuni kwa owotcha njerwa ndi alimi a fodya amayeza ndi mendulo. Mendulo ndi mulu wa nkhuni zosanjidwa wotalika mita imodzi, mita imodzi m'lifupi, ndi mita imodzinso kupita m'mwamba. Ndi muyeso wabwino kuposa mtolo, popeza mtolo wa mayi wamphamvu ndi mtolo wa kamtsikana sizifanana. Ngati mukugula, yang'anani kuti wogulitsayo sadasanje zikuni zokhotakhota mosiya mabowo aakulu pakati, chifukwa mukatero mwagula mphepo. Amene mumaphikira pa chitetezo mbaula, mbaula ya dothi ija, mudzaona kuti mulu womwewo ukukhalitsa kusiyana ndi pamafuwa, choncho muyese ndi chophikira chimene mudzagwiritsedi ntchito m'dzinja.

2. Pezani nkhuni mvula ikangotha, osati ikamayandikira.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi. Mukakolola chimanga, sadzani nthambi za keshya, gilisidiya, lukina, nimu kapena mtangatanga zomwe zili m'malire a munda, ndipo musataye mitengo ya nandolo ndi zitsononkho, chifukwa zimathandiza pokoleza. Nkhuni zodulidwa nthawi imeneyi zimapeza mphepo ya mwera, yomwe imaomba kuchokera kummwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, kenaka zimapezanso dzuwa loswa mtengo la Seputembala ndi Okutobala. Cholakwika chimene ndimachiona chaka ndi chaka ndi kudzidzimuka mvula ya chizimalupsa itagwa, n'kuthamangira kukadula mitengo mu Novembala. Mtengo wodulidwa mu Novembala kuno kunyanja, komwe mpweya umakhala wachinyezi dzinja lonse, mudzauphikira mu Juni.

Kunena za kumene nkhuni zichokera, lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe lidakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, silikulolani kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa monga Thuma popanda chilolezo, ndipo kunkhalango ya nyama ya Nkhotakota, yomwe akuyang'anira a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuyambira 2015, simungangolowa ndi nkhwangwa. Ngati mudzi wanu uli ndi nkhalango yake, tsatani zomwe amfumu ndi komiti adagwirizana. Njira yopanda milandu ndi kukhala ndi mitengo yanuyanu, ndipo keshya ndi bulugamu zili ndi ubwino wakuti mukadula zimaphukiranso pachitsa.

Pali mitengo ina yosayenera kulowa mumulu wanu. Mlambe ndi wofewa ngati chinkhupule ndipo supereka moto. Nkhadze ili ndi utomoni woopsa m'maso, ndipo utsi wake umaswa maso ndi pakhosi. Zidutswa za mapolo a magetsi, matabwa opaka penti ndi mitengo ina iliyonse yonyikidwa mumankhwala oteteza ku chiswe zimatulutsa utsi wapoizoni, choncho musaphikire ngakhale mutazipeza zaulere, makamakanso inu amene mumawamba nsomba ku Senga Bay kapena ku Chipoka, popeza utsiwo umakhala pansomba yomwe anthu adzadye.

3. Dulani ndi kuwaza sabata lomwelo.

Dulani zidutswa zotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, kapena kupitirirako pang'ono ngati mumaphikira pamafuwa. Chikuni chilichonse chonenepa kuposa mkono wa munthu wamkulu chiwazidwe pakati, ndipo chachikulu kwambiri chiwazidwe panayi. Khungwa ntchito yake ndi kusunga madzi m'mtengo, tsono chikuni chosawaza chimangouma kumapeto kokha, m'kati mukadali mwamadzi ngakhale patapita miyezi yambiri. Bulugamu musamudikire n'komwe, chifukwa akauma amalimba moti nkhwangwa imangodumpha. Malaina amanyenga: amaoneka ouma kunja msanga koma amachedwa kuuma m'kati, choncho awazeni mopyapyala.

4. Sankhani malo.

Malo akhale okwera, pomwe madzi sadikha mvula ikagwa, otseguka kumphepo, komanso opeza dzuwa nthawi yaitali ya tsiku. Pansi pa mtengo wa mango, pomwe ambiri timakonda, ndi malo oipa, chifukwa pali mthunzi tsiku lonse ndipo masamba amapitiriza kudontha madzi mvula itakata kale. Musagundike nkhuni kukhoma la nyumba, la nkhokwe kapena kumpanda wa udzu. Siyani mamita osachepera asanu ngati bwalo lanu likulola. Zifukwa zake ndi ziwiri: chiswe chikalowa m'nkhuni chimapitirira mpaka kuphaso la nyumba, ndipo moto wolusa wa mu Okutobala ukagwira mulu wa nkhuni zouma womwe wagundana ndi denga la udzu, palibe ndowa imene ingauzimitse. Ngati pali chulu pafupi, talikiranani nacho, ndipo kumbukirani malo amene ngumbi zidatulukira chaka chatha, popeza pansi pake pali mudzi wa chiswe.

5. Mangani nsanja, ndipo muimange mokumbukira chiswe.

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsapo ndi mawu akuti nkhuni zisakhudze pansi, ngati kuti kuyala mitengo iwiri padothi n'kokwanira. Kuno sikokwanira. Dothi lathu ndi lotentha, m'dzinja limakhala lonyowa miyezi ingapo, ndipo chiswe sichigona. Mitengo iwiri yoyala pansi ija ndiyo imasanduka mlatho: chiswe chimayamba ndi iyo, chimakwera m'nkhuni za pansi, chimadya m'kati n'kusiya khungwa lili bwinobwino, ndipo inu mumadzazindikira mu Febuluwale mutanyamula chikuni chopepuka ngati phesi, m'kati muli dothi lokhalokha. Ine zidandichitikira chaka choyamba chimene ndidayamba kusunga nkhuni, ndipo mizere itatu ya pansi idapita yonse.

Yambani ndi kulambula malowo, kuchotsa udzu, masamba, zitsa ndi mizu yakufa, chifukwa zimenezi ndizo zimaitana chiswe. Tsirani dothi kuti pakhale potumphuka pang'ono pakati, mutsendere bwino, ndipo mukumbe kangalande mozungulira kuti madzi ochokera kumtunda azilambalala.

Kenaka ikani miyendo ya nsanja. Miyendo yabwino ndi ya njerwa zowotcha kapena miyala, osati mphanda zamtengo zokumbira pansi. Sanjikizani njerwa mpaka msinkhu wa masentimita 30 kapena 40, miyendo inayi m'ngodya ndi ina pakati ngati nsanjayo ndi yaitali, motalikirana osapitirira mita imodzi kuti mitanda isapindike ndi kulemera. Msinkhu umenewu sindidautchule mwachisawawa. Ndi wokwanira kuti mphepo idutse pansi, kuti madzi odumpha padothi mvula ikamagwa asafike kunkhuni, kuti tsache lilowe, ndiponso kuti inu mukagwada muzitha kuona mwendo uliwonse mbali zonse.

Pamwamba pa mwendo uliwonse, musanaike mitanda, vundikirani kachidutswa ka lata lakale kotambalala kuposa njerwayo ndi zala zinayi mbali zonse, ndipo mupinde m'mphepete mwake kuloza pansi. Lata limeneli silipha chiswe, ndipo musaganize kuti mukaliika mwathana nacho. Ntchito yake ndi kuchiumiriza kuti chionekere. Chiswe sichiyenda poyera, chimamata timisewu ta dothi n'kumayenda m'kati mwake, tsono chikafika palata chiyenera kumanga msewu wake mozungulira m'mphepete, pomwe diso lanu lingauone. Popanda lata, chimadutsa m'ming'alu ya pakati pa njerwa n'kulowa mumtanda inu osaona kanthu.

Ndiye ntchito yeniyeni ndi iyi: kamodzi pa sabata, ndipo kawiri mvula ikayamba, gwadani muyang'ane miyendo yonse. Mukapeza kamsewu ka dothi, kaphwanyeni ndi kamtengo, mukatsate mpaka pamene katulukira pansi, mukumbepo pang'ono ndi kuthirapo phulusa lambiri. Phulusa la m'khitchini lothira mozungulira miyendo limathandiza kuchedwetsa chiswe, koma mvula imalikokolola, choncho muziwonjezera nthawi ndi nthawi. Onetsetsaninso kuti palibe chimene chalumikiza mulu ndi dothi, kaya ndi chikuni chimene chagwa n'kutsamira, kaya mpini wa khasu umene mwana wayedzeka, kaya udzu umene wamera n'kukhudza mitanda. Kanthu kamodzi kotere kamathetsa ntchito yonse ya njerwa ndi malata m'masiku ochepa. Nkhuku zisiyeni zizipalasa pansi pa nsanja chifukwa zimadya chiswe, koma musalole thadzi kuikira pamenepo, popeza mazira amaitana njoka.

Chinthu chimodzi musachite ngakhale chiswe chitakukwiyitsani motani: musapopere nkhuni mankhwala a thonje, a mbewu kapena ophera chiswe, ndipo musazithire oilo wakutha wa galimoto. Nkhunizo mudzaziwotcha pansi pa chakudya cha ana anu, m'khitchini momwe munthu amapuma utsi wake maola angapo tsiku lililonse.

6. Sanjani mosiya mipata.

Yalani mitanda yolimba pamwamba pa miyendo, kenaka sanjani nkhuni m'mizere, nsonga zake zitaloza kumene mphepo ikuchokera. Kumapeto kwa mulu, mbali zonse ziwiri, sanjani mopingasa, mzere wina chauku wina chauko, kuti muluwo udzigwire wokha. Musapanikize. Pakati pa zikuni pakhale mipata yoti dzanja la mwana lingalowe, ndipo ngati mukusanja mizere iwiri yoyandikana, siyani mpata wa chikhatho pakati pake. Msinkhu usapitirire pachifuwa panu, chifukwa mulu wautali umagwa ndipo ana amakonda kukwerapo.

Patulani nkhuni monga mwa mitundu yake. Zolimba, monga mthethe, keshya ndi bulugamu, zikhale mbali imodzi, chifukwa zimakhalitsa ndipo ndizo mudzazifune pophika nyemba mu Malichi. Zofewa, monga mango ndi malaina, zikhale pafupi kuti ziyambe kutha, popeza mango safuna kusungidwa nthawi yaitali, amafumbwa msanga. Mukaona ufa wosalala ukugwa m'timabowo ta chikuni, dziwani kuti tizilombo tofumbwitsa talowa, ndipo chikuni chimenecho chipite pamoto tsiku lomwelo. Titsatsa, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo zimangeni m'timitolo padera.

Kuyambira Juni mpaka Okutobala muluwu ukhale wosavundikira. Ino ndi nyengo youmitsa.

7. Tsimikizani kuti zauma musanazifunditse.

Musakhulupirire maonekedwe a kunja. Tengani zikuni ziwiri za pakati pa mulu, osati za pamwamba, muzimenyanitse: zouma zimalira mokweza ndi momveka bwino, pamene zaziwisi zimalira mogonthera. Yang'anani kumapeto ngati kwachita ming'alu yochokera pakati, ndiponso ngati khungwa likusendeka lokha. Kenaka wazani chimodzi mwa zonenepa ndi kugunditsa pakati pakepo patsaya lanu. Mukamva kuzizira ndi kachinyezi, kapena fungo la mtengo wauwisi likadalipo, sichinaume. Mayeso otsiriza ndi a pamoto: chikuni chimene chikulira ngati madzi akuwira, n'kumatulutsa thovu kumapeto kwake, chikadali ndi madzi.

Amene mungathe kubwereka sikelo ya ogula mbewu, pali njira yodalirika koposa zonsezi. Sankhani zikuni zitatu tsiku lowaza, muzilembe chizindikiro ndi khala, muziyeze ndi kulemba kulemera kwake, kenaka muzibwezere pakati pa mulu. Muziziyezanso pakatha masabata awiri alionse. Poyamba kulemera kumatsika mofulumira, kenaka pang'onopang'ono, ndipo mukayeza kawiri motsatizana n'kupeza kuti sikudasinthe, nkhuni zanu zauma mpaka pamene nyengo ya kwanuko ingazifikitse.

Zimene mwapeza kuti sizinaume pofika kumapeto kwa Okutobala musazisakanize ndi zouma. Ziwazeninso mopyapyala, muzisanje pazokha kumapeto kwa nsanja, zidzakhale zomalizira.

8. Ikani denga mvula yoyamba isanagwe, koma m'mbali musatseke.

Zikani nsichi zinayi kunja kwa nsanja, zosakhudza nkhuni kapena mitanda, ndipo mumange kachisakasa kofolera ndi udzu, mlaza kapena malata akale. Denga likhale lotsetsereka, lipitirire mulu ndi theka la mita mbali zonse, ndipo pakati pa denga ndi nkhuni pakhale mpata woti mphepo izidutsa. Malata amangeni ndi waya, osangotsendera ndi njerwa, chifukwa mphepo ya mkuntho ya kuno kunyanja imanyamula lata ngati tsamba ndipo likhoza kuvulaza munthu. Kuti mudziwe mbali imene mvula imakonda kuombera, yang'anani khoma la nyumba yanu limene limakokoloka kwambiri, ndipo mbali imeneyo yokha ndiyo mutchinge ndi mphasa yakale kapena kampanda ka bango kokhala ndi mipata.

Cholakwika chachikulu pano ndi pepala la pulasitiki lakuda lija timafolerera nyumba. Anthu amakuta nalo mulu wonse mpaka pansi n'kutsendera ndi miyala, poganiza kuti ateteza. Chimene chimachitika n'chakuti chinyezi chochokera m'dothi ndi m'nkhuni momwemo chimakwera dzuwa likawala, chimasowa potulukira, chimachita mame kunsi kwa pepalalo, n'kugweranso pankhuni. Pakatha mwezi mumapeza nkhuni zachita nkhungu, zina zamera bowa, ndipo m'katimo ndi mofunda ndi mwamdima momwe chiswe chimafunira. Ngati pulasitiki ndiyo yokha muli nayo, iyaleni pamwamba pokha, ilendewere m'mbali osapitirira chikhatho chimodzi, ndipo pansi pake muikepo timitengo kuti isagone pankhuni.

9. M'dzinja, tengani mwadongosolo.

Yambani kumapeto kumodzi n'kumapita kwinako, osati kusolola apa ndi apo, chifukwa mulu wosololedwa pakati umagwa. Madzulo alionse lowetsani m'khitchini nkhuni zokwanira masiku awiri kapena atatu okha, pamodzi ndi kamtolo ka titsatsa, kuti mvula ya mvumbi ikagwa masiku angapo osakata musasowe chokolezera m'mawa. Muzisanjike pa njerwa kapena pakansanja ka m'khitchini, motalikira ndi moto ndi sitepe ziwiri. Ambiri amakonda kuyanika nkhuni zonyowa pamwamba penipeni pa mafuwa n'kupita kukagona, ndipo makhitchini a udzu ambiri apsa mwa njira imeneyi.

Nkhuni zouma zikavumbwa ndi mvula ya tsiku limodzi musataye mtima, popeza madziwo amakhala kunja kokha ndipo zimauma pa tsiku limodzi kapena awiri a dzuwa. Zichotseni pamulu, muziimike motsamira pamtanda kuti madzi atsike, ndipo muzibwezere zikauma.

Mulu wa nkhuni ndi malo amene zinkhanira, anankalizi, makoswe ndi njoka zimakonda kubisala, makamaka mvula ikadzaza mauna awo. Musatume mwana kukatenga nkhuni kutada, ndipo inunso musapise dzanja pamene simukuona. Menyani mulu ndi ndodo kaye, kokani chikuni ndi nsonga yake, muchigwetse pansi kamodzi musanachinyamule. Mphiri sithawa phokoso ngati njoka zina, imangokhala phee, choncho udzu wozungulira nsanja uzikhala wolambula mpaka mamita awiri kuti muziona pamene mukuponda.

Nkhuni zimene zatsala pofika Meyi zichotseni zonse pansanja, musese pansi, muone ngati mitanda ndi malata zikadali zolimba, ndipo zotsalazo muziike kutsogolo kuti ziyambe kupita pamoto musanasanje zatsopano kumbuyo kwake.